Mizere Iwiri ya Mayi Monika

Mphunzi, Dedza
10 Marichi 2024

Okondedwa achimwene a Gibson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tilipo, kupatula chifuwa cha Pilira chimene chakana kutha chitsegulireni sukulu. Ndalemba papepala n'kupatsira a Ufulu, adalaivala aja amakubweretserani ufa, chifukwa foni yanga inagwera m'ndowa, ndipo za pabanja sindingakambire pa foni yobwereka mwini wake ataima pambali kutchera khutu.

Nkhani ndi ya dimba. Mwezi wamawa ndikubzala kachewere monga mwa chaka chilichonse. Mukudziwa kuti chichokereni bambo a Pilira, kachewere ameneyu ndiye sopo, ndiye mchere, ndiye sukulu ya mwanayu. Akalephereka, Pilira Folomu 3 sailowa mu Seputembala. Madzi alipo, mbewu ndinasunga. Chondidetsa nkhawa ndi mpanda. Kumtsinje kuli phompho, mbali ziwirizi ndinamanga nsungwi, koma mbali yaitali ya kumtunda, yoyang'anana ndi munda wa a Monika, zikadali nkhadze zomwe zija anabzala malemu bambo. Zakalamba. Pansi pake pachita mipata itatu yoti mbuzi ilowa osawerama n'komwe. Anthu akangotha kukolola n'kumasula mbuzi mu Julayi, zonse za m'mudzi muno zimatsikira komweko, pakuti chobiriwira chimatsala ndi dimba langa lokha.

Ngati mungathe, nditumizireni kangachepe ndigule mpukutu umodzi wa waya ndi magolovesi. Utomoni wa nkhadze unandiwotcha manja chaka chatha, sabata yathunthu ndinkadya ndi supuni ngati mlendo.

A Zefaniya, amuna awo a mayi Monika, akupereka moni. Miyendo ikuwavuta, koma akuti tsiku la mpanda mu Meyi sajomba. Iwo adzagwira makwerero, ine ndidzadulira nkhadze ndi kutseka mipata kunja kwake, nditaima pa kanjira kaja ka pakati pa mpanda wathu ndi munda wawo. Chaka chino kanjirako sikakuoneka n'komwe. Maungu a mayi Monika ayanga mpaka kudzaza ponse, ndipo dzulo anandithyolera nkhwani wa pomwepo lichero lodzaza. Ndidzatchetcha akachotsa maunguwo.

Mutiuzeko za kumeneko. Kodi mukadali pa nyumba ya agalu atatu ija? Pilira akuti musaiwale nsapato munalonjeza.

Ndine mlongo wanu,
Esitere


Johannesburg
2 Epulo 2024

Mlongo wanga Esitere,

Moni. Ine ndili bwino, ntchito ndi yomweyo, agalu atsala awiri. Mwana umupititse kuchipatala, chifuwa sichichedwetsedwa.

Kalata yako ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko chakudya chinandikanika. Iwe ukundisimbira za nkhwani ukusekerera, osaona kuti anthu akukudyera masuku pamutu. Lero maungu, mawa nyemba, mkuja chimanga, kenako adzati malire ndi nkhadze. Malo amabedwa choncho, wakubayo atanyamula ndiwo m'manja.

Kanjira kaja ndi kathu. Ankatchetchapo ndani? Kuyambira ndili Sitandade 4 bambo ankandipatsa chikwakwa chaka chilichonse, anzanga akupita kumpira ine ndili pamenepo thukuta kamukamu. Chipsera cha pa chala changa chachikulu ndinachitengera pomwepo. Kodi kwathu kuno munthu amatchetcha pa malo a eni? A Zefaniya sindinawaonepo atagwira chikwakwa pamenepo ngakhale tsiku limodzi. Bambo anali munthu wofatsa mopitirira, anabweza mpanda m'kati kuopa milandu, ndipo anthu ofatsa ndi amene ana awo amatsala opanda malo.

Kuno ndimasamala maluwa pa nyumba ya mpanda wotalika kuposa denga la tchalitchi chathu. Mwini wake ndi mnansi wake anayeza malire ndi chingwe, palibe anasiya ngakhale chikhatho. N'chifukwa chake anthu kuno sakangana.

Waya sinditumiza, ndi kutaya ndalama. Ndalankhula pa foni ndi a Macdonald, amisiri a pa Linthipe aja, ndipo zonse ndawatumizira kale. Agwetse nkhadze zonse, amange khoma la njerwa kutsidya kwa kanjira, pamene payambira mzere woyamba wa a Monika. Iwe ntchito yako ndi kuwaphikira basi. Amayi anasiya malowo m'manja mwako, sindikukana, koma mwini mbumba ndine, ndipo maso a malowo ndine. Za mbuzi usaganizenso. Mbuzi yodumpha khoma sinabadwe.

Nsapato zili m'chikwama chimene ndapatsira a Ufulu.

Ndine mlongo wako,
Gibson


Mphunzi, Dedza
5 Meyi 2024

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa. Tilipo, Pilira akupezako bwino, nsapato zamukwana.

Kalata yanu inafika pa 29 Epulo. A Macdonald anafika pa 16. Ndalama zanu zinathamanga pa foni tsiku limodzi, mawu anu anayenda pansi milungu inayi, ndipo ine mwini dimba ndinali womaliza kumva. Safunsa anadya phula, achimwene, koma phula ili mwadyetsa ine.

Ndinali ku Lobi ku maliro a azakhali awo a bambo a Pilira. Nditabwera patapita masiku anayi, ndinaima pa chitunda chija ndi kamtolo kanga pamutu, osazindikira kwathu. Nkhadze zonse zili lambalamba pansi, zitsa zikutuluka utomoni, maungu a eni ake atatayidwa m'ngalande, maziko atakumbidwa kale. Pilira akuti anawapempha kuti adikire amayi, iwo n'kumuonetsa foni, ati ku Joni alamula. Nditati imani, a Macdonald anandiyankha kuti, "Mayi, nkhadze sitingazidzutse. Tikasiya pano mbuzi zikupezani muli pambalambanda." Ndikanatani? Ndinawaphikira monga munanenera, misozi ikugwera m'ndiwo.

Mpanda umene bambo anabzala ndi manja awo, umene tausamala zaka makumi anayi, munaugwetsa osandifunsa ngakhale liwu limodzi. Amathirira dimbali ndani? Amadzuka kukaona ngati mbuzi zaboola ndani? Mukuti maso a malowa ndinu. Maso ali ku Joni amaona chiyani ku Mphunzi? Ndipo ndani anamangapo khoma la njerwa pa dimba? Anthu akuchoka kutsidya la mtsinje kudzaonera, ena akufunsa ngati kachewere wanga wayamba kuikira golide.

A Monika anabwera tsiku limene ndinafika, chitenje atamanga m'chiuno. Sanatukwane. Anangoti, "Esitere, pamene pakumbidwapa ndi pa malo a amayi anga." Kunena zoona, ine sindikudziwa. Chimene ndimadziwa ine n'chakuti kanjirako kanali ka mpanda, tinkaimapo podulira, basi. Chiyambire tsiku limenelo moni wanga sakuyankha. Ku mapemphero a mphakati Lachinayi nditakhala pafupi nawo ananyamuka n'kukakhala kukhomo. Mayi amene anandigwira dzanja pobadwa Pilira, achimwene.

A Zefaniya anakhala pa mpando m'munda mwawo masiku onse akuonerera. Kenako ndinawaona akukoka nthambi za nkhadze zodulidwazo, ndi miyendo yawo ija, kupita nazo kunyumba kwawo. Sindinafunse. Zinandiwawa.

Khoma laima, koma simenti inatha pakati, theka lakumapeto amangira matope. A Macdonald akuti kunja kwake kufunika pulasitala, apo ayi mvula yoyamba ilinyambita. Nanga aima pati popaka? Kanjira kali m'kati tsopano, kunja kwa khoma ndi chimanga cha a Monika. Mwana wawo Themba wakhoma zikhomo ndi chingwe motsatira khomalo, akuti phazi la mmisiri likangodutsa, nkhani ikathera ku polisi. Ndipo wakasuma kale ku komiti ya malo ya m'mudzi. Mwamanga khoma loti eni ake sitingalione kumbuyo.

Kachewere wamera bwino, mizere yonse. Ndicho chokha chikundigonetsa tulo.

Esitere


Johannesburg
26 Meyi 2024

Esitere,

Moni ndikubwezera ngakhale kalata yako inalibe ulemu. Kuno kuzizira kwayamba, manja akuchita kuuma pogwira payipi. Ndinadzimana jekete chaka chino kuti khomalo liime, lero malipiro anga ndi kutchedwa safunsa ndi mwana amene ndinkamubereka kumbuyo.

Zoti kalata inachedwa ukafunse a Ufulu. Zoti a Monika akukwiya, n'chifukwa chakuti tawatsekera podyera. Wolanda ukamulanda amalira kuposa mwini. A Zefaniya wanena wekha kuti akututa nkhadze zathu masanasana, iwe ukuona. Ukufunanso umboni wanji? Anthu otola ndi nthambi zomwe, ungawasiyire malo?

Za pulasitala zisakuvute. Kuno munthu akafuna kukonza khoma lake amalowa kwa mnansi wake, mnansiyo sakana, amadziwa kuti mawa adzafunanso yekha. Themba akungoopseza ndi chingwe chakecho. Ngati akufuna komiti, ibwere, ine ndi amene ndikuifuna kwambiri. Ukaime chilili, ukanene kuti wotchetcha pamenepo anali Gibson mwana wa Ezara, zaka khumi ndi ziwiri, mudzi wonse ukuona. Usakagwetse nkhope ngati wapalamula. Ndipo uleke kulandira ndiwo kwa anthu amenewo.

Zoti sakukuyankha moni, moni sadya. Mu Julayi mbuzi zikadzazungulira khomalo n'kubwerera ndi njala, udzandilembera kalata ina, ndipo ndidzaisunga.

Mlongo wako,
Gibson


Mphunzi, Dedza
23 Juni 2024

Achimwene a Gibson,

Tilipo. Pilira wamaliza mayeso, akuti anayenda bwino. Muwerenge kalatayi mutakhala pansi, ndipo muiwerenge mpaka kumapeto musanayambe kukwiya.

Komiti inabwera Lachitatu, tinakhala pansi pa khoma lanu lomwelo. Wapampando ndi mayi wina wopuma pa uphunzitsi, salankhula zambiri. Ndinanena monga munandiuzira, kuti wotchetcha anali Gibson mwana wa Ezara. Palibe anatsutsa. Ngakhale a Monika anagwedeza mutu, n'kuti, "Ankatchetcha, ndipo ankatchetcha bwino." Ine mumtima ndinati kapena achimwene akunena zoona.

Kenako a Monika anamasula kansalu, n'kutulutsa buku lawo la mapemphero, lakale lija lachikuto chakuda. Anatsegula tsamba lomaliza n'kupereka kwa apampando. Ndisanamve mawu ake ndinali nditazindikira kale dzanja. Zilembo zopendekera zija, ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ndakopera liwu ndi liwu kuti musati ndawonjezera:

"Ine Ezara, mkamwini wa pano, ndinabzala nkhadze pa malire penipeni posadziwa. Mayi Monika andilola kuponda mizere yawo iwiri kuti ndizisamala mpanda wanga kunja kwake. Malowo ndi awo. Ine ndizitchetchapo chaka chilichonse pothokoza. 14 Meyi 1983."

Mwamva? Bambo sanabweze mpanda m'kati. Mpanda unali pa malire. Kanjira konse kanali mizere iwiri ya a Monika, ndipo chikwakwa chanu chija chinali zikomo wa bambo. A komiti anakumba kumapeto konse kuwiri, anapeza miyala ya malire imene anakwirira atsibweni awo a amayi, ili mzere umodzi ndi zitsa za nkhadze. Khoma lanu lonse, kuyambira maziko, laima m'munda wa eni. Ndinachita manyazi oti sindinawaonepo chibadwire. Anthu anandiyang'ana ine, pakuti inu kunalibe.

Chigamulo n'chakuti khoma ligwe. Ndinagwada pomwepo pa fumbi, ndinati kachewere wanga ali pafupi kuchita maluwa, mbuzi azimasula sabata ziwiri zikubwerazi, nkhadze kulibe, khoma likagwa ndatha ine ndi mwana. A Monika anakulunganso buku lawo m'kansalu kaja. Kenako anati, "Iwe ndilibe nawe mlandu. Khoma likhale mpaka ukumbe kumapeto kwa Ogasiti. Koma amene analamula apemphe, monga anapemphera bambo ake. Ndimve mawu ake pasanafike pa 20 Julayi."

Ndiye nkhani yonse yatsala m'manja mwanu. A Ufulu anyamuka Lachiwiri, abwerera kuno sabata yachiwiri ya Julayi, nthawi ikukwana. Mulembere a Monika. Mizere inayi yokha ikwana: mwalakwa, simunadziwe, mukupempha khoma liime mpaka tikumbe. Sindikukupemphani waya, sindikukupemphani ndalama. Ndikupempha pepala limodzi ndi kutsitsa khosi kamodzi. Bambo anatsitsa, sanafe nako.

Sukulu ya Pilira ili pa pepala limenelo, achimwene. Chonde.

Mlongo wanu,
Esitere


Johannesburg
7 Julayi 2024

Okondedwa bambo Zefaniya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumba, ndipo miyendo ikupezako bwino. Ine kuno ndili bwino.

Ndamva zonse zimene zinachitika ku komiti. Ndaona kuti nkhani ya malo ndi bwino tikambirane amuna tokhatokha, pakuti azimayi akaigwira imatalika. Zimene analemba bambo sindinkazidziwa, ndipo bwenzi zili bwino mukanatiuza kale, sibwenzi ndalama zambiri chonchi zitalowa m'nthaka. Komabe zachitika. Kugwetsa khoma latsopano ndi kuwononga, sikupindulira aliyense.

Maganizo anga ndi awa. Mizere iwiriyo simunalimepo zaka makumi anayi, ndiye kuti simukuifuna kwenikweni. Ndigulitseni. Tchulani mtengo, ine sindinenerera, ndipo ndiwonjezerapo ya maungu anawonongeka aja. Tikatero tilemberane pepala latsopano, lonenanso kuti amisiri azilowa m'munda mwanu kukapaka pulasitala ndi kukonza khoma pakafunika. Aliyense akhale pake mwamtendere. Amayi muwafotokozere inuyo, akumverani.

M'chikwama ndaikamo mafuta opaka miyendo, kuno amawatama kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Gibson Ezara


Mphunzi
21 Julayi 2024

Gibson, mwana wa mnzanga,

Mafuta ndalandira, zikomo. Ndikulemba ndekha pang'onopang'ono, ukapeza zilembo zokhota usadabwe.

Maso anga kuwerenga zolemba za ena anasiya. Kalata yako anandiwerengera ndi Themba, mokweza, pakhonde, amayi ake ali pomwepo akusola nyemba. Atafika poti azimayi akaigwira imatalika, Themba anafuna kudumpha. Amayi ake anati werenga zonse. Atafika poti tchulani mtengo, anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. Sanadikirenso pa 20, khoma analigwetsa Lachinayi pa 18. Ndinayesa kuletsa, sindinathe, ndipo kunena zoona sindinayese ndi mtima wonse.

Wakhalitsa kunja, mwana iwe, mpaka waiwala kuti ukulembera ndani. Ine pano ndine mkamwini. Ndakhala pamudzi uno zaka makumi anayi ndi zisanu, changa ndi njinga ndi wailesi. Munda ndi wa a Monika, anawasiyira amayi awo, ndipo m'mizere iwiri imeneyo ndi mmene amayi awowo ankabzala mawere. Unandipempha ndikugulitse chinthu chimene ndilibe, mwini wake ali pomwepo ukumulambalala ngati chitsa.

Ukuti bwenzi titakuuzani kale. Imva tsono. Bambo ako anabwera kudzakwatira kuno ali mnyamata wofuna kuonetsa mphamvu kwa apongozi. Anabzala nkhadze pa miyala penipeni kuti asataye ngakhale phazi la malo a akazi ake, monga wachitira iwemu. Patapita zaka ziwiri nkhadze zinakula, zinayamba kuweramira m'munda mwathu ndi kuchita mipata, ndipo analibe poima kuti adulire. Alamu ake ankamuseka pa mowa, ati mkamwini wanzeru adzadulira akuuluka. Ine mkamwini mnzake zinandikhudza. Ndinawanyengerera a Monika sabata yathunthu. Tsiku lomaliza Ezara anabwera ndi nkhuku, anagwada pabwalo pathu, mwamuna wamkulu, kwa mkazi wamng'ono kwa iye. Anapatsidwa. Anatipempha kuti ana tisawauze, adzawauza yekha akadzakula, ndipo imfa inafulumira. Ife tinasunga pakamwa pathu chifukwa cha iye. Tsiku limene a Macdonald ankayamba kudula ndinawauza kuti akulakwa, anati ndikalankhule ndi foni.

Ankakupatsa chikwakwa kuti manja ako aphunzire kuthokoza mutu usanadziwe chifukwa chake. Manja anaphunzira.

Za khoma sindinakwiye kwambiri, munthu amalakwa. Chandikwiyitsa n'chakuti waika mtengo pa chinthu chimene mnzanga anachigwadira. Akanafuna kugula, Ezara anali ndi ng'ombe ziwiri nthawi imeneyo.

Mlongo wako ali m'dimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndi ndodo m'manja. Mbuzi anazimasula pa 6.

Zefaniya


Mphunzi, Dedza
25 Ogasiti 2024

Achimwene,

Tili moyo. Katundu wanu wafika pa 17: kalata yopita kwa a Monika, magolovesi, ndi mpukutu wa waya. Zikomo. Ndi waya uja ndinapempha mu Marichi.

Mwafunsa kuti kachewere ali bwanji, ndikuuzani. Khoma litagwa, a komiti anandipatsa masiku asanu ndi awiri kuti ndichotse njerwa m'munda wa eni. A Macdonald foni yawo inasiya kugwira. Ine ndi Pilira tinatchinga mbali yonseyo ndi minga, wina akusenza njerwa kupita nazo kunyumba, wina akulondera. Masiku asanu tinagwira. Lachisanu ndi chimodzi fumbi la njerwa linadzutsa chifuwa chija, mwana anagona, ndinatsala ndekha. Munthu mmodzi sangasenze njerwa n'kupirikitsanso mbuzi. Ndinkati ndikatula kunyumba, pobwera ndipeze zaboola minga zalowa. Ndithamangitse izi, zina zalowa kumapeto uko. Pofika madzulo ndinangokhala pa mulu wa njerwa zanu n'kumazionerera. Kachewere anali pa maluwa. Zinasiya timitengo tokhatokha.

Ndakumba sabata yatha. Watuluka ngati mazira a nkhunda. Ogula a pa Linthipe anavundukula thumba limodzi n'kulitseka, n'kumapita osagula. Tidya tokha, wina ndisunge mbewu. Pilira aphunzitsi ake akuti sakukayika kuti wakhoza, koma mu Seputembala sapita. Ndamuuza kuti chaka chamawa. Sanalire, anangopukuta nsapato zija n'kuzibwezera m'pepala lake. Ine ndi amene ndinalira, ndipo ndikadali wokwiya, musaganize kuti zatha.

Kalata yanu yachiwiriyi munailemba bwino, ndinapita nayo ndekha. Themba anawerenga, a Monika anamvetsera mpaka kumapeto, anaipinda, n'kuti, "Mawu abwino. Kungoti mbuzi sizidikira kalata."

Mukukumbuka munati a Zefaniya ndi otola nthambi? Inenso mumtima ndinawaweruza, Mulungu andikhululukire. Lolemba lapitali anafika ku dimba akukankha njinga, pa kaliyala atamanga mtolo wa nkhadze zophuka, mizu ili lendelende. Nthambi zija anakazizika kuseri kwa khitchini yawo tsiku lomwelo, poopa kuti mbewu ya mpanda wa mnzawo ingathe. Nditafunsa kuti ndi miyendo imeneyi ankathirira bwanji miyezi inayi, anayang'ana kumbali, n'kuti wothirira sanali iwo. Masiku onse amene a Monika sankandiyankha moni, madzi otsukira mbale ankakathira pa nkhadze za bambo.

Tsiku lotsatira ndinagwira nkhuku yanga yoikira, ndinapita, ndinagwada pabwalo pawo pamene anagwada bambo. Ndinapempha mizere iwiri ija m'dzina langa. Anandidzutsa okha. Talembera pepala latsopano pamaso pa komiti: malo ndi a mayi Monika, ife tiziponda posamala mpanda, tizitchetcha chaka chilichonse, ndipo khasu kapena njerwa zisadzakhudzepo. Nkhadze tabzala m'zitsa zakale zomwe zija. Kuti zidzatchinge mbuzi papita zaka zitatu, pakadali pano waya wanu ugwira ntchito. Njerwa ndaunjika kuseri kwa nyumba, mbuzi zimakwerapo kuwothera dzuwa. Mudzaona nokha chochita nazo.

Mwati mukufuna kubwera pa Khirisimasi. Bwerani, khomo ndi lotsegula, ndinu achimwene anga ndipo mphasa ndidzakuyalirani. Koma popita ku dimba mudzazungulire njira ya kumtsinje. Pa kanjira pamaponda amene dzina lake lili papepala. Apampando atafunsa kuti alembe mayina angati, a Monika anayang'ana ine, ndipo ine ndinati awiri, langa ndi la Pilira.

Ndine mlongo wanu,
Esitere